Chaulere cha Mulungu Sichigulidwa



Lero tifuna kukambirana nanu nkhani imene yakhala ikutivuta mumtima chiyambire tsiku limene tidapita kukayendera odwala m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Ntchisi. Kumeneko tidapeza mai ena amasiye, akhristu a mpingo wathu, atakhala pakhonde, mwana wao wamwamuna ali gone pamphasa m'nyumba, akutsokomola, nthiti zili poyera. Tidafunsa ngati adapita naye ku chipatala. Maiwo adayankha motsitsa mau kuti ndalama ya ulendo idatha. Pang'ono ndi pang'ono nkhani idatuluka. Adagulitsa mbuzi ziŵiri zimene malemu amuna ao adasiya, napita ku msonkhano wa mlaliki wina amene adamanga tenti pa malo ena a malonda, msika wa fodya utangotsekulidwa. Pakhomo adalipira kuti aonane ndi "munthu wa Mulungu" paokha. M'kati adagula kabotolo ka mafuta. Potsiriza adapatsidwa envulopu kuti aikemo "mbeu", imene akuti idzabala kambirimbiri. Patapita milungu itatu mwana anali asanachire, ndipo tenti inali itachoka kale.

Mbuzizo zidatimvetsa chisoni, koma chimene chidatiŵaŵa koposa ndi mau amene maiwo adanena potsazikana: "Abambo, kapena Mulungu sadandimvere chifukwa mbeu yanga idachepa." Mai ameneŵa adabatizidwa ali khanda, akhala akupemphera kolona zaka zambiri, komabe m'milungu itatu yokha adayamba kumuona Mulungu ngati mwini golosale amene amabweza munthu pakhomo ndalama ikapereŵera. Nchifukwa chake taganiza kuti tifotokoze bwino kumene chiphunzitso chimenechi chidachokera, m'mene chimagwirira ntchito, ndiponso chimene chikhulupiriro chachikhristu chili.

Kumene chiphunzitsochi chidachokera

Ambiri amayesa kuti za "kufesa mbeu" zidayambira m'tauni zathu zino. Iai, zidachokera ku America. Mmodzi mwa amene adazifalitsa kwambiri ndi mlaliki Oral Roberts wa mu mzinda wa Tulsa, amene ankaphunzitsa pa wailesi ndi pa kanema kuti ndalama yoperekedwa kwa mlaliki ili ngati mbeu, ndipo Mulungu adzaibweza yochuluka. M'chaka cha 1987 iye adauza omvera ake kuti Mulungu adzamtenga akapanda kusonkhanitsa madola 8 miliyoni, ndipo anthu adatumiza ndalamazo. M'chaka cha 1989 mlaliki wina wotchuka wa pa kanema, Jim Bakker, adapezeka wolakwa m'bwalo la milandu pa mlandu wonyenga omtsatira ake pa za ndalama, naloŵa m'ndende.

Chiphunzitsochi chidaoloka nyanja, chidafika ku Nigeria, ku Ghana, ku Kenya, ku South Africa, ndipo abale athu amene amapita ku Joni kukafuna ntchito adakumana nacho kumeneko. Ku South Africa zinthu zidafika poipa kotero kuti bungwe la boma loona za ufulu wa zipembedzo, lotchedwa CRL Rights Commission, lidachita kafukufuku kuyambira mu 2015, ndipo mu 2017 lidatulutsa lipoti lonena za kusandutsa chipembedzo malonda. Kumeneko mlaliki Lethebo Rabalago adapopera akhristu ake kumaso mankhwala ophera tizilombo a Doom mu 2016, akunena kuti akuŵachiza, ndipo bwalo la milandu lidampeza wolakwa mu 2018. Kuno kwathu nkhani ya ndalama ndi ulaliki idafika pakamwa pa aliyense mu Novembala 2020, pamene a Shepherd Bushiri ndi akazi ao adabwerera ku Malaŵi kuchokera ku South Africa, kumene anali pa belo pa milandu ya za ndalama. Iwo amaikana milanduyo, ndipo kuweruza nkwa mabwalo a milandu, si kwa ife.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi mkangano wa Akatolika ndi mipingo ina. Atsogoleri a mipingo ya chievanjeliko a m'maiko ambiri, atasonkhana ku Cape Town mu 2010 pa msonkhano waukulu wa Lausanne, adakana poyera chiphunzitso chakuti munthu angathe kugula chuma ndi thanzi kwa Mulungu. Tikudziŵanso abusa ambiri a mipingo ya chipentekoste m'midzi mwathu muno amene amalima okha minda yao ndi kupempherera odwala osalandira kanthu.

Chifukwa chake chikumera msanga pakati pathu

Anthu athu si opusa. Munthu amapita ku tenti chifukwa mavuto amufika m'khosi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100, ndipo mtengo wa feteleza, wa sopo ndi wa ulendo wa pa minibasi udakwera nthaŵi yomweyo. Mu Malichi 2024, chifukwa cha chilala, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Mlimi wa fodya amagwira ntchito miyezi yambiri, kuyambira pa nazale mpaka m'chigafa, koma ndalama ikabwera kuchokera ku okushoni ku Kanengo, ngongole zimakhala zikudikira pakhomo. Munthu wotere akamva kuti pali njira yachidule, mtima umagunda.

Palinso china chimene chimafeŵetsa njira. Makolo athu popita kwa sing'anga ankayamba apereka chipondamthengo, ndipo mankhwala akalephera ankauzidwa kuti pali mwambo umene adauphwanya. Ogulitsa madalitso atenga njira yomweyo naiveka suti. Taonani m'mene malonda ameneŵa adakonzedwera kuti wogulitsa asaluze konse. Wodwala akachira, ulemu upita kwa mlaliki. Akapanda kuchira, mlandu ugwera wodwalayo: chikhulupiriro chake chidachepa, mbeu yake idachepa, kapena pali mbale wake amene akumlodza. Amene zaŵayendera bwino amapatsidwa chimkuzamau kuti achitire umboni pamaso pa onse, pamene amene ataya mbuzi zao amabwerera kumudzi mwakachetechete, ndi manyazi, ndipo palibe amene amaŵaŵerenga. Venda wa sikelo yabodza pa msika wa soya amaopa kugwidwa, chifukwa mlimi angathe kukayeza thumba lake pa sikelo ina. Koma dalitso logulidwa lilibe sikelo ina yokaliyezera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene Malembo Oyera akutiphunzitsa

Yesero limeneli ndi lakale ngati Eklezia yemwe. M'buku la Ntchito za Apostoli, mutu 8, timamva za Simoni wa ku Samariya, amene kale ankachita zamatsenga. Iye adabatizidwa ndithu, koma ataona kuti anthu akulandira Mzimu Woyera Petulo ndi Yohane akaŵasanjika manja, adatulutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petulo adamdzudzula ndi mau oopsa, namuuza kuti alape. Mpaka lero, m'malamulo a Eklezia, tchimo la kugula kapena kugulitsa zinthu zoyera limatchedwa ndi dzina lochokera kwa Simoni ameneyu.

M'buku lachiŵiri la Mafumu, mutu 5, Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, atachira khate lake, adafuna kupatsa mneneri Elisa mphatso zambiri. Elisa adakana kwamtuwagalu, kuti mlendoyo abwerere kwao akudziŵa kuti Mulungu wa Israele adamchiza mwa chifundo chokha. Koma Gehazi, wantchito wa mneneriyo, adamthamangira, nanama m'dzina la mbuye wake, natenga siliva ndi zovala. Khate la Namani lidagwera iye.

Alembi onse anai a Mthenga Wabwino amasimba za tsiku limene Ambuye Yezu adapirikitsa amalonda m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. Amalondawo sankagulitsa zinthu zoipa: nkhunda zinali nsembe ya amphaŵi, ndipo osintha ndalama ankathandiza alendo. Chimene Ambuye adakana nchakuti pakati pa mwana ndi Atate ake paimikidwe tebulo la malonda. Ndipo Marko Woyera, m'mutu 12, asanasimbe za mai wamasiye amene adaponya timakobiri tiŵiri m'bokosi la zopereka, amayamba watiuza kuti Yezu adadzudzula aphunzitsi a Malamulo amene ankadya chuma cha akazi amasiye kwinaku akupemphera mapemphero ataliatali. Amene amalalika nkhani ya mai ameneyu pofuna kukhuthula matumba a amasiye, aŵerenge kaye mizere imene ili pamwamba pake.

Tiyambe ndi m'nyumba mwathu

Kukadakhala kusaona mtima tikadaloza ena chala osatchula zathu. Eklezia wathu Katolika adagwapo m'dzenje limeneli. M'chaka cha 1517 wansembe Johann Tetzel ankayenda m'dziko la Germany kulalika za indulgensia, ndiye kuti kukhululukidwa kwa zilango za machimo, mwa njira yopatsa anthu maganizo akuti ndalama ingathe kutulutsa mzimu m'Purigatorio. Ndalamazo, mwa zina, zinali zomangira tchalitchi la Petulo Woyera ku Roma. Martin Luther adatsutsa zimenezi chaka chomwecho, ndipo kugaŵikana kumene kudatsatira tikukuonabe lero m'midzi yathu, m'mene abale a mimba imodzi amapemphera kosiyana. Msonkhano wa Aepiskopi wa ku Trent udathetsa udindo wa osonkhetsa ndalama otere mu 1562, ndipo mu 1567 Papa Pius V adafafaniza indulgensia zonse zokhudzana ndi kulipira.

Buku la malamulo a Eklezia la 1983 likunena momveka. Lamulo la nambala 848 limaletsa wansembe kupempha kanthu pa masakramenti koposa chopereka chimene akuluakulu a Eklezia adakhazikitsa, ndipo limamlamula kuonetsetsa kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphaŵi wao. Lamulo la nambala 947 limati pa chopereka cha Misa pasaoneke ngakhale chithunzithunzi cha malonda. Tsono tidzifunse, ife ansembe, akatekisti ndi akuluakulu a mpingo: kodi sizidachitikepo kuti maliro a mkhristu adachedwa kuimbidwa nyimbo chifukwa khadi la mtulo linali ndi mipata? Kodi mai wosauka sadabwererepo ndi mwana wake wosabatizidwa chifukwa cha ndalama? Pamene tachita zotere, ifenso taimika tebulo la malonda pakhomo pa Atate, ndipo tiyenera kupepesa ndi kusintha. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya 2013 yotchedwa Evangelii Gaudium, adatichenjeza kuti tisasandutse Eklezia malo okhometsera msonkho, popeza ndi nyumba ya Atate.

Mwana wa pakhomo ndi waganyu

Amene adayamba kuphunzitsa katekisimu m'Chicheŵa adasankha liu lokoma potchula thandizo limene Mulungu amatipatsa kuti tikhale ana ake. Adalitcha chaulere. Liu limeneli lokha likuyankha kale funso lathu. Chinthu chikangoikidwa mtengo, chaleka kukhala chaulere.

Tonse tikudziŵa kusiyana kwa waganyu ndi mwana wa pakhomo. Waganyu amapangana ndi mwini munda za ndime ndi za malipiro. Ndime ikatha, walandira zake, ndipo aŵiriwo athana. Mwana wa pakhomo amalimanso, kaŵirikaŵiri koposa waganyu, koma saŵerengera mizere, chifukwa munda ndi wao. Akadwala, nsima yake imabwerabe. Akalakwa, amadzudzulidwa, koma dzina lake silichotsedwa pa mtundu. Chibale ndi fupa, sichiola. M'fanizo la mwana woloŵerera, m'mutu 15 wa Luka Woyera, mnyamata uja pobwerera kwao adaganiza zopempha kuti akhale ngati waganyu, kuti azilipira yekha nsima yake. Bambo wake sadamlole nkomwe kutsiriza mau amene adakonza. Adamveka mkanjo ndi mphete, zizindikiro za umwana. Ogulitsa madalitso amatibwezera ku uganyu umene Atate adaukana.

Chikhulupiriro chachikhristu ndicho kudziŵana ndi Munthu wamoyo, Yezu Khristu, amene pa usiku wa Lachinai Loyera adatcha ophunzira ake abwenzi. Papa Benedict XVI adayamba kalata yao yoyamba, Deus Caritas Est, ya 2005, ndi mfundo yomweyi, yakuti chikhristu chimayamba pamene munthu wakumana ndi Khristu mwini wake. Ubwenzi uli ndi makhalidwe ake. Umafuna nthaŵi: kukhala pansi, kumvera Mau a Mulungu, kulankhula naye m'mapemphero, kudya naye pa tebulo la Ukaristia. Umafuna choona: kubwera kwa iye monga tiliri, ndi machimo athu, mu sakramenti la Kulapa. Umafunanso kukhulupirika pa nthaŵi imene sitikumvetsa.

Apa ndi pamene tiyankhe mau a mai aja. Pemphero likapanda kuyankhidwa monga tidafunira, sindiye kuti chopereka chidachepa. Ambuye Yezu m'munda wa Getsemani adapempha kuti chikho cha masautso chimpitirire, ndipo sichidampitirire. Paulo Woyera adapempha katatu kuti chomuŵaŵa m'thupi mwake chichoke, ndipo chidakhalabe. Kodi tinganene kuti mbeu yao idachepa? Mulungu amachiza ndithu, ndipo ife timapempherera odwala ndi kuŵadzoza mafuta oyera, kwaulere. Amachizanso kudzera m'manja mwa madokotala ndi anamwino. Koma sadatilonjeze moyo wopanda mtanda. Adatilonjeza kuti sadzatisiya tokha pansi pa mtandawo.

M'mene chikhulupiriro chidafikira m'mapiri muno

Tikumbukire mbiri yathu. M'chaka cha 1889 abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adamanga misasa yao ku Mvera, m'dziko la Inkosi Chiwere. Mu 1894 Robert Blake adatsekula mishoni ya Kongwe. W. H. Murray, amene adakhala zaka zambiri ku Mvera, adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa mu 1922. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsekula mishoni ya Nambuma mu 1928. Azungu ameneŵa anali ndi zofooka zao, ndipo anali oŵerengeka. Amene adafikitsa Mthenga Wabwino m'mudzi uliwonse anali agogo athu: aphunzitsi a sukulu za m'midzi, akatekisti oyenda pansi kukwera ndi kutsika zitunda, amai amene ankaphunzitsa ana mapemphero pa mtondo ndi pa moto madzulo. Chikhulupiriro chidayenda kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake amene ankamdziŵa dzina. Papa Paul VI, m'kalata yao ya 1975, Evangelii Nuntiandi, adakumbutsa Eklezia yense kuti anthu amamvera msanga mboni, ndipo kuti kulalika kwa munthu ndi munthu mnzake sikudzatha ntchito.

Nzeru yomweyi ndiyo idatsogolera Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, poitanitsa Sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975. Pamenepo padakhazikika miphakati, kuti akhristu oyandikana nyumba azikumana, kuŵerenga Mau a Mulungu, kuyendera odwala ao ndi kusenza okha udindo wa Eklezia wao. Mu mphakati palibe khomo lolipira. Aliyense amadziŵika, ndipo akasoŵa pa msonkhano, anzake amapita kukamuona.

Nanga chopereka tichileke?

Wina afunsa kuti: Abambo, nanga inu simutipempha mtulo, chachikhumi ndi za masika? Inde timapempha, ndipo Sinodi yomwe ija idaphunzitsa kuti Eklezia wa kuno ayenera kudzidalira. Denga la tchalitchi limafuna malata, katekisti ali ndi ana, njinga yamoto yopitira kwa odwala imamwa petulo. Paulo Woyera adaphunzitsa Akorinto kuti wolalika ali ndi ufulu wothandizidwa ndi mpingo, ngakhale iye mwini ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akwila ndi Prisila kuti asalemetse munthu. Mwana wa pakhomo amathandiza kufolera nyumba chifukwa ndi yao. Chopereka ndi chimenecho.

Tsono pofuna kusiyanitsa chopereka ndi mtengo, dzifunseni mafunso aŵa, kaya muli m'tenti kaya muli m'tchalitchi lathu lomwe. Kodi wopanda ndalama amalandira pemphero lomwelo, pa mpando womwewo, monga wolemera? Kodi mwalonjezedwa kuti mukapereka zakuti mudzalandira zakuti? Kodi ndalama zikasonkhedwa, alipo akhristu osankhidwa amene amaziŵerenga ndi kulengeza m'mene zagwirira ntchito? Kodi mlalikiyo amalimbikitsa odwala kupita ku chipatala ndi kumwa mankhwala ao? Kodi maliro akagwa m'mudzi mwanu mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zili mbee, iye adzakhalapo? Ndipo mukatuluka, mtima wanu watsamira pa Yezu Khristu, kapena pa munthu ndi kabotolo kake?

Abale athu, za mai a ku Ntchisi aja zidatha motere. Akhristu a mphakati wao adasonkherana ndalama ya ulendo, anyamata aŵiri adamnyamula mwanayo pa njinga mpaka pamseu, ndipo ku chipatala adampeza ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala a nthenda imeneyi amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Mai wina wa mu mphakatimo adadzipereka kumadzera m'maŵa uliwonse kudzaona kuti wamwa. Mbuzi zija sizidabwerere. Koma titapitanso kumeneko tidapeza maiwo akupemphera kolona pamodzi ndi anzao pakhonde lomwe lija, ndipo za kuchepa kwa mbeu sadazitchulenso.

Pempho lathu kwa inu sabata ino ndi ili. Ngati mukudziŵa wina m'mudzi mwanu amene adataya chuma chake mwa njira imeneyi, musamseke. Pitani mukakhale naye, mumuuze kuti Mulungu sadamtaye. Ngati mudabwezedwapo pakhomo la tchalitchi chifukwa cha ndalama, bwerani mudzalankhule ndi wansembe wanu. Ndipo ife tonse amene tidapatsidwa udindo wolalika, tikumbukire tsiku ndi tsiku kuti zimene tili nazo m'manja tidazilandira osalipira kanthu.

Amai Maria, amene adalandira chaulere cha Mulungu ndi mtima wodzichepetsa, atipempherere. Ndipo Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni inu nonse, ndi mabanja anu, ndi odwala anu, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.